Manyenje a Mfumu M'chisa cha Gologolo

Panangokhala, m'masiku amene nyama zinali ndi mafumu, asilikali, asing'anga ndi ometa, panali Gologolo, wometa wa Mfumu Mkango. Vomerani kuti tili tonse, chifukwa nthano iyi ndi ya mantha ndipo sindikufuna kuiyenda ndekha.

Ntchito yometayo Gologolo anachita kusiyiridwa ndi bambo ake. M'mawa uliwonse ankakwera pakhosi pa mfumu ndi chipeso ndi lumo, n'kupesa manyenje, tsitsi lalitali lija la m'mutu ndi m'khosi mwa mkango. Koma kupesako kunali kochepa. Lamulo la makolo linkati tsitsi lililonse logwa m'mutu mwa mfumu litoledwe, likulungidwe m'tsamba, likakwiriridwe pachulu ndi wometa yekha. Nyama zonse zinkakhulupirira kuti tsitsi lako likakagona m'chisa cha wina, lotsala m'mutu limalitsatira limodzilimodzi mpaka mutu kuti mbee. Wometa wophwanya lamuloli ankaphedwa pamodzi ndi onse a m'nyumba mwake.

Gologolo analiphwanya. Mkazi wake, Nachisale, anabereka ana anayi pakati penipeni pa nyengo ya chisanu. Amene munaonapo ana a gologolo mukudziwa mmene amabadwira: ofiira, osaona, opanda ndi kaubweya komwe. Udzu sunawafunditse. Nachisale anazula ubweya wa pamimba pake mpaka khungu kuonekera, koma sunakwane. Tsiku lachitatu Gologolo anapita kuchulu ndi phukusi la tsitsi la mfumu, anakumba dzenje, anaima kanthawi akuliyang'ana, kenako anakwirira dzenje lopanda kanthu n'kuthamangira kwawo ndi phukusilo. Ine sindimuweruza. Ana anafunda, anasiya kulira, anayamba kuyamwa.

Tsoka linafika patangopita masiku awiri. Mkango anali pabwalo akuweruza milandu, atavala chisoti chake cha nthenga, pamene kamvuluvulu anadutsa, kugwetsa chisoti n'kutembenuza manyenje. Pakati pa mutu wa mfumu panaoneka dazi lalikulu ngati chikho, likunyezimira.

Kunena zoona, dazilo silinayambe tsiku limenelo. Gologolo anali akuliona likukula kwa chaka chathunthu, ndipo m'mawa uliwonse ankagoneka tsitsi la m'mbali pamwamba pake kuti mwini mutu asadziwe. Koma akanauza ndani zimenezo? Kubisira mfumu za mutu wake womwe unalinso mlandu wina.

Mkango anagwira pamutu. "Muimba ali kuti? Muitaneni."

Muimba, mbalame yodya zowola ija, anali sing'anga wa kunyumba ya mfumu. Anatera pabwalo, anayala maula ake, anawayang'ana ndi diso limodzi kenako linalo.

"Tsitsi la mfumu lagona m'chisa cha wina," anatero. "Likapanda kupezeka, mutu wonse uyera. Mutu ukayera, mphamvu zitsatira."

Mkango anatembenukira kwa wometa wake. "Iwe Gologolo, sumakwirira?"

"Ndimakwirira, wawa mfumu."

"Lonse?"

"Za mphepo ndi mbalame sindingalumbire, mfumu."

Nyalugwe, mkulu wa asilikali, anadzuka n'kudziwongola. "Ndilamuleni, mfumu. Ndikwera mtengo uliwonse, ndipisa dzanja m'mphako iliyonse. Lisanalowe dzuwa mwini chisacho akhala ali pano."

Gologolo anawerenga mitengo mumtima. Mtengo wake unali wachisanu kuchokera pabwalo.

"Ndilankhuleko, mfumu," anatero. "A Nyalugwe akayamba kukwera lero, wakubayo amva, ataya tsitsilo mumtsinje, ndiye lapita. Bwanji tiyambe tabweza limene lagwa? Ometa tonse timadziwa kuti mutu ukametedwa mpala, tsitsi limamera lochuluka kuposa kale, lolimba ngati chingwe. Ndipatseni masiku asanu ndi awiri."

"Zoona zimenezo?"

"Funsani aliyense."

Ndipo aliyense anagwedeza mutu, chifukwa aliyense anazimvapo. Gologolo yekha ndiye ankadziwa kuti ndi bodza. Anali atameta mitu yambiri. Tsitsi lometedwa limatuluka lobaya chifukwa nsonga yofewa yadulidwa, koma silichuluka, ndipo lumo silidzala mbewu pamene palibe. Anameta pamutu pa mfumu mozungulira dazilo, n'kuthamangira kunyumba.

"Chotsani anawo," anauza Nachisale. "Tsitsili lichoke muno."

"Amuna anga, chisanu chili kunjaku mwachimva?"

"Nyalugwe mwamumva?"

Anachotsa tsitsi lonse n'kulibisa m'ming'alu ya khungwa, anayala udzu ndi masamba. Kutacha, kamwana kakang'ono pa onse kanali kozizira, kosapuma. Nachisale sanalire mokweza. Anatuluka, anakatola tsitsi lija m'ming'alu, analiyalanso m'chisa, anagonekapo atatu otsalawo.

"Nyalugwe akabwera, abwere," anatero. "Chisanu chabwera kale."

Gologolo anafunsa chinthu chimodzi chokha. "Amera ubweya wawo liti?"

"Masabata atatu. Asanakwane, tsitsi ili silichoka muno ndili moyo."

Choncho Gologolo anadziwa ntchito yake. Sinalinso yometa. Inali yokankhira masiku kutsogolo, limodzi ndi limodzi, mpaka atakwana makumi awiri ndi limodzi.

Kunyumba ya mfumu akazi a Mkango ankakhala momuzungulira m'mawa uliwonse n'kuimba nyimbo yoitana tsitsi. Mkazi wamkulu ankatsogolera, kuliitana monga aitanira mbuzi zosochera, kulilonjeza mafuta ndi chipeso chatsopano likabwerera kwawo. Anzake ankavomera ndi funso limodzi lokha, lofunsa tsitsilo kumene lagona, n'kuomba m'manja kawiri. Nyimboyo inali yokoma, koma Gologolo sinkamukomera, chifukwa pa onse okhala pamenepo iye yekha ndiye ankadziwa yankho lake.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri Mkango anasisita pamutu. M'mbali munali timatsitsi tobaya. Pakati panali see, monga kale.

"Gologolo."

"Wawa."

"Lamera pamene linalipo kale."

"Zikuoneka choncho, mfumu."

"Nyalugwe, konzeka."

Gologolo anagwada n'kuomba m'manja, koma osati kwa mfumu. Anaombera Muimba. "Ine ndine wometa chabe, ndalephera. Koma ndikudabwa kuti pano pali sing'anga amene amatchuka mpaka kutsidya, ndipo sanatulutse ngakhale muzu umodzi. Kapena a Muimba amangodziwa kuombeza, za mankhwala ayi?"

Muimba anatukula khosi. "Ukuti chiyani, iwe kanthu ka m'mphako? Ndili ndi mankhwala omeretsa tsitsi ngakhale pamwala."

"Amatenga masiku angati?"

"Asanu ndi awiri."

"Mwamva, mfumu. Ngakhale pamwala."

Muimba anasinja tsabola wa kambuzi, anyezi, phulusa ndi mizu ina yonunkha, n'kusakaniza ndi mafuta a nsatsi. Anati khungu la mfumu lagona tulo, liyenera kudzutsidwa. Mungafunse kuti bwanji palibe amene anayang'ana mutu wa sing'angayo, umene unali wopanda ndi kanthenga komwe kuchokera pamlomo mpaka m'mapewa. Anauyang'ana, koma munthu wamantha amagula mankhwala kwa aliyense. Gologolo nayenso anauyang'ana n'kutseka pakamwa, chifukwa ankafuna masiku.

Wopaka anali iye mwini, popeza palibe wina amene ankaloledwa kugwira mutu wa mfumu. Atangopaka koyamba, Mkango anakukuta mano, misozi ikutsika.

"Kukuwotcha, Gologolo."

"Ndiye kuti akugwira ntchito," anatero Muimba.

Mkango sanayang'ane sing'anga. Anayang'ana wometa wake, amene anamupesa kuyambira manyenje akungomera kumene. "Iwe ukuti bwanji?"

Gologolo anatapa mankhwala ena. "Pirirani, mfumu."

Mawu amenewo anamulemera kuposa bodza loyamba lija. Ankamukonda Mkango, ndipo ankadziwa kuti khungu likapsa n'kuchita chipsera, ngakhale katsitsi kotsala sikameranso. Anapakabe, m'mawa ndi m'mawa. Akazi a mfumu ankaimba nyimbo yawo ija atagwira mphuno, wamkulu akuitana tsitsi, anzake akufunsa kumene lagona, kuomba m'manja kukumveka kofooka chifukwa dzanja lina linali pamphuno.

Masiku amenewo Gologolo sankadya. Nachisale anaona mchira wake ukuchita mipata.

"Amuna anga, mchira wanuwu. Nanunso wina wakutengerani ubweya?"

"Ayi. Ndi maganizo."

"Mukudziwa bwanji?"

"Ndameta odwala, ndameta oferedwa, ndameta amayi oyamwitsa. Onsewo tsitsi limagwa, mtima ukakhala pansi limabwerera lokha. Wanunso wa pamimbawu ubwerera."

"Nanga la mfumu?"

Gologolo anaweramira pachisa. Pamisana ya ana panali kakuda kochepa, ngati mwaye, koma ubweya weniweni unali usanatuluke. "La mfumu ndi lina," anatero, osapitiriza.

Tsiku lakhumi ndi chinayi mutu wa Mkango unali matuza okhaokha, ena ataphulika. Tsitsi panalibe. Mkango anaitanitsa Muimba.

"Mankhwala akowa, iwe unadzolapo?"

"Tsitsi langa ndinalipereka kwa mizimu, mfumu, kuti ndiziona zobisika. Mankhwala alibe vuto. Akukanika chifukwa wakuba uja akadali nalo tsitsi lanu."

"Nyalugwe."

"Mfumu, mfumu," Gologolo analowerera, mawu akuthamanga okha. "Ndakumbuka. Ndi chisoti. Chisoti chimatsamwitsa tsitsi, silipuma. Muchivule, mukhale padzuwa masiku asanu ndi awiri, mutu upume."

Ili linalinso bodza lomwe aliyense analimvapo. Tsitsi silipumira kunja, limadya za m'magazi, ndipo akalonga ambiri ankavala zisoti mpaka kukalamba mitu ili bii. Koma Mkango anali atafika poti akanauzidwa kuti aime chadodolido akanaima. Anavula chisoti n'kukhala padzuwa, zilonda zili pamtunda, ntchentche zikumuzungulira. Akazi ake anaimbanso, koma awiri okha ndiwo ankavomera, ndipo funso lija linkamveka ngati la pamaliro.

Anapirira masiku awiri. Lachitatu anadzuka, mutu utatupa.

"Ndatopa," anatero.

"Komatu mfumu, dazi si tsoka," anatero Gologolo, poti analibenso china m'thumba. "Amati ndi chizindikiro cha chuma ndi nzeru."

"Chuma?" Mkango analoza Muimba. "Uyu amadya zowola. Usandinyengerere ngati mwana. Ine ndikuopa, Gologolo. Wina akundidya ndili moyo, ndipo sindikumudziwa. Nyalugwe, mawa m'mawa uyambe."

Panali patatsala masiku anayi kuti ana amere ubweya.

Gologolo anauyamba ulendo wobwerera kwawo. Panjira anadutsa pa mtengo umene Nyalugwe ankakonda kudzikhulapo, ndipo anaona Mpheta akuzula kanthu pakhungwa n'kuuluka nako. Anaima. Anali ataziona zimenezo kambirimbiri osaziganizira. Anayang'ana m'mwamba, anayang'ananso khungwalo, ndipo mchira wake wa mipata uja unayamba kugwedezeka.

M'mawa mwake nyama zonse zinasonkhana pabwalo. Gologolo anapempha kulankhula komaliza.

"Mfumu, ntchito ngati iyi isachitikire kumbali, anthu angadzati a Nyalugwe anakondera. Chisa chilichonse chitsitsidwe, chikhuthulidwe pano pamaso pa onse. Ndipo ayambire kwa mbalame zing'onozing'ono, chifukwa ndizo zimatolatola."

Nyalugwe anavomera msanga. Ankakonda kuonedwa akugwira ntchito.

Chisa choyamba chinali cha Timba. Atachikhuthula munatuluka udzu, nthenga, ndi tsitsi lalitali lakuda.

"La mfumu ilo?" anafunsa wina.

Gologolo analinyamula n'kuliunika. "Ayi. Ili ndi la kumchira kwa a Njati."

Njati anatembenuka msanga kuyang'ana mchira wake. Unali wonse.

Chachiwiri munatuluka ubweya wa Nyani. Chachitatu, wa Fisi ndi wa Nguluwe. Chisa chilichonse chinali ndi tsitsi la wina, ndipo bwalo lonse linayamba kudzigwiragwira m'mitu ndi m'misana, aliyense akufunsa mnzake ngati kumbuyo kwake kwayera. Kenako chinabwera cha Mpheta. Munatuluka ubweya wachikasu wamawangamawanga, wodzaza manja awiri.

Gologolo anaunyamula mwaulemu. "Uwu ndikuudziwa, koma ndikuchita manyazi kutchula mwini wake. Mayi Mpheta, mwautenga kuti?"

Mpheta anayankha msanga. "Pa mtengo umene a Nyalugwe amadzikhulapo. Sindinabe, ndinangotola."

"Mwayamba liti?"

"Chaka ndi chaka timatola. Amayi anga ankatolanso. Ineyo ndinaswedwera pa ubweya umenewu."

"Zaka zonsezo," anatero Gologolo, akutembenukira ku bwalo. "A Nyalugwe, tatembenukani anthu akuoneni. Pali pamene payera?"

Nyalugwe sanatembenuke, koma onse ankaona kuti chikopa chake chinali chodzaza, chikuwala. Wina kumbuyo anaseka. Kung'ung'udza kunayamba: ngati tsitsi la aliyense lagona m'zisa chiyambire kalekale, bwanji tonse sitili mbee?

"La mfumu ndi lina," anakuwa Muimba. "La mfumu lili ndi mizimu."

Gologolo anaganiza kuti wapulumuka. Anaiwala kuti msilikali wosekedwa pagulu amafunafuna pomalizira ukali wake. Nyalugwe anamuyang'ana kwa nthawi yaitali.

"Wometayu akudziwa bwino za m'zisa za anzake," anatero pang'onopang'ono. "Chake sitinachione."

Anachoka pabwalo osathamanga.

Gologolo sanamutsatire. Kuthamangira kunyumba kukanangomuwonjezera pa ophedwa. Nzeru zonse zinali zitatha, panatsala chinthu chimodzi chokha chimene bambo ake anamulumbiritsa kuti asadzanene. Anakwera pakhosi pa mfumu, pamalo pake pa masiku onse, n'kufika pakhutu.

"Mfumu, ndili ndi mawu a inu nokha. Mukatha kumva, mundiphe."

"Nena."

"Bambo anu, malemu mfumu, mumawakumbuka manyenje awo?"

"Ndani angawaiwale? Ankafika m'mawondo mpaka tsiku la imfa yawo."

"Anali a khonje."

Mkango sanagwedezeke.

"Bambo anga ankapala khonje, kulinyika m'makungwa kuti lifiire, n'kulilukira pa tsitsi lotsala. Ine ndinkawagwirira ulusi. Dazi lawo linayamba pamene layambira lanupa, pa msinkhu wanu womwewu. Atsibweni anu, a kwa amayi anu, chimodzimodzi. Ndipo tsitsi lawo bambo anga ankakwirira lonse, silinasowepo ndi limodzi lomwe. Palibe amene akukudyani, mfumu. Ndi za kumtundu."

Mkango analankhula motsitsa, osatembenuka.

"Ndili mwana ndinalumphira bambo pamsana, ndinagwira manyenje awo n'kukoka. Anandimenya mpaka ndinagwera uko. Sanandimenyepo tsiku lina lililonse. Ndakula ndikudzifunsa kuti ndinalakwa chiyani."

"Munakoka khonje, mfumu."

"Ndiye palibe mankhwala?"

"Chikanakhala chipere, mankhwala ake alipo, ndipo chimadziwika ndi kuyabwa ndi nkhanambo. Likanagwa ndi matenda kapena maganizo, ngati la mchira wangawu, likanabwerera lokha. La kumtundu sindinaonepo tsamba lolibweza. Koma silipha, ndipo mphamvu silichotsa. Bambo anu anagwetsa njati ali ndi dazi."

"Langa layamba liti?"

"Chaka chatha. Ndinkaliphimba."

"Ndipo tsabola uja unkadziwa kuti sathandiza."

"Ndinkadziwa."

"Unkadziwa kuti awotcha."

"Ndinkadziwa, mfumu."

Pamenepo gulu linapatuka. Nyalugwe analowa pabwalo atanyamula chisa kukamwa, Nachisale atakakamira pamphepete pake, maso ali pa ana. Nyalugwe anachitula pamapazi a mfumu. Sipanafunike wometa kuti anene mwini tsitsi. Linali lofiirira ngati uchi, lalitali, lopindidwapindidwa bwino, ndipo pakati pake panagona tiana titatu tikunjenjemera ndi mphepo ya pabwalo.

"Ndi ameneyo," anatero Muimba. "Maula sanama. Lamulo mukulidziwa, mfumu."

Gologolo anatsika n'kukaima pakati pa chisa ndi Nyalugwe, ngakhale kuti kuima kwake sikukanatchinga kanthu.

Mkango anaweramitsa mutu wake wazilonda n'kuyang'ana m'chisamo.

"Walitenga liti?"

"Masiku awiri kamvuluvulu uja asanabwere."

"Dazi lili kale."

"Lili kale, mfumu."

"Ndiye kumeta kuja, tsabola uja, dzuwa lija, unkafuna chiyani?"

"Masiku. Kuti awa amere ubweya wawo."

"Atsala masiku angati?"

"Atatu."

Mkango anapumira m'mwamba. Anatambasula chikhadabo chimodzi ndipo anakankha nacho tsitsi pang'ono kuti aone bwino kamwana kamodzi. Kanali ndi kamutu kosalala, kofiira, kakhungu kokwinyika.

"Nanga awa anawalodza ndani?"

"Palibe, mfumu. Nafenso ndi za kumtundu. Ife timabadwa nalo, inu mumakalamba nalo."

Palibe amene analimba mtima kuseka. Mkango naye sanaseke. Anadzuka, ndipo sanatole chisoti chake.

"Tamverani nonse. Mutu wanga ndi uwu, uyang'aneni mukhute. Unali choncho wa bambo anga, unali choncho wa atsibweni anga. Lamulo la pachulu latha lero. Aliyense wotola tsitsi langa atole, palibe mlandu. Muimba, mankhwala ako otsala ukakwirire ndiwo pachulu. Nyalugwe, bweza chisachi pamene wachitenga, ndipo pakagwa kamwana kamodzi panjira udzayankha kwa ine."

Nachisale ndi pamene analira. Gologolo anagwa chafufumimba n'kuyamba kuomba m'manja, koma Mkango anamuletsa.

"Usathokoze, sindinathe. Za tsitsi ndakukhululukira, silinali la ntchito kwa ine. Koma ndinakufunsa mutu wanga ukupsa, iwe n'kundiuza kuti ndipirire. Pachipsera ichi sipadzameranso kanthu, ndipo ndi dzanja lako linapaka. Siya lumo ndi chipeso pansipo. Sudzandigwiranso."

Gologolo anafuna kunena kuti analibe njira ina, koma anadziwa kuti mfumu ikudziwa kale zimenezo, ndiponso kuti sizichotsa chipsera. Anatula lumo la bambo ake. Anatula chipeso. Zinamuwawa kwambiri, ndipo sanabise misozi.

Nyalugwe atawerama kuti anyamule chisa, Mkango anati adikire. Anapisa dzanja m'manyenje otsala a m'khosi, anakoka pang'ono, ndipo tsitsi linatuluka lodzaza chikhatho popanda kulimbana nalo. Analiyang'ana kanthawi, kenako analiyala pamwamba pa tiana tija.

"Masiku atatu ndi ambiri," anatero. "Kukuzizira."

Apa ndi pamene nthano yanga yatulira katundu wake.